Dzino Limodzi, Mano Atatu

Lolemba, 2 Juni

Kuchokera pabedi kukafika kukhitchini, mapazi 14 ndi ndodo. Sabata yatha anali 17. Chiuno chikuchira.

Tsiku la 41 chigwereni pamasitepe. La 29 ndikugona pabalaza.

Phokoso lija labweranso. Nesi, mwana wanga wachiwiri, akuti ndikamafotokoza pakamwa ndimasakaniza. Ndiye ndilemba monga ndinkauzira ana a sukulu kwa zaka 38: onetsa njira yonse, ngati wowerengayo sakudziwa kanthu.

Zida za malemu bambo, amuna anga. Galamafoni. Ampu yaing'ono, imene ankaitcha Kapitawo poti ndiyo imalamula. Ampu yaikulu, Ng'ombe, makilo 31, yokoka masipika awiri otalika kundifika pachifuwa. Mbale za nyimbo 612. Kwa zaka 26 zonsezi zinali pakhoma limodzi, Kapitawo pamwamba pa Ng'ombe, zolumikizidwa ndi zingwe za mita imodzi. Nyimbo ikatha, zii, ngakhale utagunditsa khutu pasipika.

Nditagwa, mkamwini, mwamuna wa Nesi, anandichitira chifundo. Anasamutsa galamafoni ndi Kapitawo n'kuziika pambali pa mpando wanga, kuti ndizisintha mbale ndili chikhalire. Ng'ombe anaisiya pomwepo, akuti msana ali nawo umodzi. Anagula zingwe zazitali, mamita 8, za mapulagi ofiira ndi oyera, n'kuziyendetsa m'munsi mwa khoma. Ntchito yaudongo. Timalamba tapulasitiki 23.

Chiyambire pamenepo, mmmm. Kulira kotsika, ngati bemberezi watsekeredwa m'denga. Kumabwera, kumapita.

Nesi wabwera kasanu kudzamvetsera. Kasanu konse, zii. Lero anandigwira dzanja monga amagwirira odwala ake kuchipatala. "Amayi, palibe chikulira."

Kagwiridweko sindinakakonde.


Lachiwiri, 3 Juni

Alamu, mlongo wa malemu, anabwera 10:15. Chinsinsi mwa iwo chimakhala ngati madzi m'dengu. Asanamalize tiyi anali ataulula.

Nesi wandilembetsa kwa dokotala wa za m'mutu wa okalamba. Lachisanu, 20 Juni. Dokotala akavomereza kuti ndikumva zinthu zomwe kulibe, ndisamukira kwa iwo, chipinda chakumbuyo. Ndimachidziwa, mamita 3 mbali zonse. Zida zigulitsidwa. Mkamwini wapeza kale wozifuna.

"Koma musanene kuti ndanena, alamu." Ndipo anatenga bisiketi yachitatu.

Sindikumuda mwanayo. Amayi anga anayamba chomwechi, kumva kwaya padenga, ali ndi zaka 76. Nesi ndi amene ankawasambitsa pomaliza. Ine ndili ndi 74. Ndikanakhala iye, ndikanachita masamu omwewo.

Masiku 17. Wotchi, pensulo, rula, kope la mizere. Ngati lili m'zida ndilipeza. Ngati lili mwa ine, ndikufuna ndiyambe kudziwa ndine.


Lachinayi, 5 Juni

Masiku awiri ndili ndi wotchi m'manja, zida zoyatsidwa popanda mbale.

Dzulo: 8:04 mpaka 8:15. Chete. 8:34 mpaka 8:45. Chete. 9:04 mpaka 9:15. Kulira mphindi 11, kupuma 19. Masana kukatentha, kulira 13, kupuma 15. Lero chimodzimodzi, kusiyana mphindi imodzi.

Kodi misala imasunga nthawi chonchi? Kwaya ya amayi inalibe ndondomeko.

Zina zomwe ndapeza:

Limamveka mpaka mapazi 9 kuchokera pamasipika. Pa 10 limatayika.

Sipika yakumanzere ndi yakumanja, chimodzimodzi.

Ndikazimitsa Ng'ombe, limatha. Koma ichi sichiumboni, poti wozimitsayo ndine, ndipo mutu ukudziwa kuti ndazimitsa.

Ndikakweza kapena kutsitsa voliyumu pa Kapitawo, silisintha. Ichi chandisangalatsa. Likanakhala lochokera ku galamafoni likanakula pamodzi ndi voliyumu. Ndiye likulowa kutsogolo kwa Kapitawo, panjira yopita kwa Ng'ombe. M'zingwe. Kapena mwa ine.

Ndinayesa alamu ngati mboni. Ndinawakhazika phazi limodzi kuchokera pasipika, 11:04. Anatseka maso ngati ali m'pemphero. "Ine ndikumva m'mimba mwangamu basi." Kamakina kawo ka m'khutu anakasiya m'kabati, akuti kamawakalambitsa. Zaka 79.

Nthawi zina pamakhala ngati pali kenanso kopyapyala pamwamba pa kulirako. Sindinakaike m'tebulo. Kalibe poyambira, kalibe pothera.


Lachisanu, 6 Juni

Nesi 2:10. Kachisanu ndi chimodzi. Malinga ndi tebulo, phokoso limayenera kuyamba 2:19. Ndinamuuziratu, ndinamukhazika pampando, ndinamuonetsa wotchi.

2:19, zii. 2:25, zii. 2:40, zii.

Anayang'ana tebulo langa nthawi yaitali. Mizere 61 yolembedwa mwaudongo. Ndinaona zimene amaona iye: gogo wolemba nthawi za chinthu chomwe kulibe.

Kenako mafunso, ngati macheza. Lero ndi tsiku lanji. Dzulo ndinadya chiyani. Ndiwerenge chobwerera kuchokera pa 100, kuchotsa 7 nthawi iliyonse. Ndinamufikitsa pa 2 osapuma, n'kumufunsa ngati akufuna ndipitirire kunsi kwa ziro. Sanaseke.

Ananyamuka 2:50 mothamanga, amuitana kuntchito.

Atapita ndinadikira. Silinabwerenso mpaka dzuwa kulowa. Maola anayi opanda mzere umodzi m'kope. Mantha ndi amenewa tsono: chinthu chothawa mlendo.


Loweruka, 7 Juni

M'mawa chete. 8:04 palibe. 8:34 palibe.

9:20 ndikafune mkaka wa tiyi. Wasasa. Batala wasungunuka. Madzi pansi pa firiji, ndodo inatsala pang'ono kuterereka. Pulagi ya firiji ili gone pansi.

Ndinaima pamenepo mphindi ziwiri, mkaka uli m'manja.

Njira yonse: soketi ya kukhitchini inapsa chaka chatha. Firiji imadya magetsi kudzera pachingwe chowonjezera chochokera pabalaza, cha bowo limodzi, choyenda m'munsi mwa khoma. Khoma lomwelo. Mkamwini, pofuna udongo, anamanga chingwe cha firiji ndi zingwe za nyimbo mtolo umodzi. Timalamba 23 tija.

Ndipo Nesi. Akalowa m'nyumba muno, moni asanamalize: "Amayi, foni yanga yafa." Molunjika kukhitchini, kuzula firiji, kulowetsa tchaja. Pochoka amabwezera. Dzulo anaiwala.

9:26 ndinalowetsa pulagi. Firiji inatsokomola n'kuyamba. Ndinatsegula chitseko cha pabalaza. Mmmm.

Ndinazula. Zii. Ndinadikira kuti firiji ipume, ndinalowetsa. Mmmm. Kakhumi, ndipo kakhumi konse chimodzimodzi. Zanditengera mpaka 11:40. Chiuno chikundilipitsa kuweramako, mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi.

Ndinaseka ndekha kukhitchini, mapazi ali m'madzi. Nesi akanalowa nthawi imeneyo sakanadikiranso la 20.

Sindinamuimbire. Yankho lopanda njira sindinkapereka malikisi. Ndikufuna kudziwa chifukwa chake firiji ikuyankhulira m'masipika, ndi chifukwa chake kwa zaka 26 inali yosalankhula.


Lolemba, 9 Juni

Kalilole wa m'chikwama, tochi, mpando wamfupi. Ndayang'ana kumbuyo kwa zida koyamba m'moyo wanga. Fumbi la zaka zitatu, chimwalirireni bambo.

Pali mitundu iwiri ya polowetsa zingwe. Ting'onoting'ono, tofiira ndi toyera, tolembedwa RCA. Pulagi yake ili ndi dzino limodzi pakati. Ndi zimene tikugwiritsa ntchito. Pambali pake pali zina zazikulu, zozungulira, zolembedwa XLR, zotsekedwa ndi tizipewa talabala. Ziwiri pa Kapitawo, ziwiri pa Ng'ombe. Ndinavula kachipewa kamodzi uku ndi uku. Pa Kapitawo mano atatu. Pa Ng'ombe mabowo atatu. Zoyera mbee, sizinalowemo kanthu chibadwire. Pansi pake pa Ng'ombe pali kaswitchi kakang'ono ka mbali ziwiri.

Tizipewato anaveka ndi bambo. Ndakumbuka tsiku limene zidazi zinafika, makatoni ali mbwee pabalaza, iwo atagwada pansi, magalasi ali pamphumi. "Nyimbo izidutsa njira imodzi, mayi. Mano atatuwo ndi a m'maholo a maukwati. Dzino limodzi ndiye lofunda."

Ndinangoti chabwino, ndikukonza makope a Fomu 3. Ine amene mwana akati "basi ndi choncho" ndinkamuimika kutsogolo. Zaka 26 osafunsa kuti lofunda n'kutani.

Bwanji atatu? Magetsi amapita ndi kubwerera, mawaya awiri akwana. Lachitatulo ndi la chiyani?

Ndaimbira Wakumbuyo. Ndinamuphunzitsa kalekale, ankakhala benchi yomaliza pafupi ndi zenera. Pano ndi amene amayendetsa zokuzira mawu m'maholo, ndipo ndiye anaika masipika pamaliro a bambo. Abwera Lachitatu.


Lachitatu, 11 Juni

Wakumbuyo 10:02. Zaka 52, imvi, mimba, koma akamayankhula nane manja amapita okha kumbuyo.

Sindinamuuze kanthu. Ndinangoti akhale, tidikire. 10:04 firiji inayamba. Anapendeketsa mutu. "Aphunzitsi, mumakhala bwanji ndi chimenechi? Ndi firiji kapena pampu ya madzi?"

Mboni yoyamba. Masiku 38 ndikulimva ndekha. Ndinayang'ana kuzenera n'kuwerenga zitsulo zake. Zikadali 12.

Anadula timalamba tonse 23, n'kutalikitsa chingwe cha firiji. Ndinayeza: kuchoka pa mapazi 9 kufika pa 2. Latsika koma lilipo, poti pakhomo la kukhitchini zingwe zonse zimadutsa pampata umodzi, palibe kwina. Akuti chingwe chachitali chili ngati nsalu yoyanika pamsewu, chimatola chilichonse chodutsa. Cha mita imodzi chinalibe potolera.

Ndiye ndinafunsa za mano. Anapempha envelopu yakale ndi pensulo yanga.

Dzino limodzi, iye amati singo. Waya mmodzi pakati amanyamula nyimbo, chophimba chakunja ndi ethi, pobwerera. Phokoso likakwera panjira, Ng'ombe ilibe podziwira kuti iyi ndi nyimbo, ili ndi phokoso. Imakuza zonse.

Mano atatu, iye amati balansi. Limodzi ndi ethi. Awiriwo onse amanyamula nyimbo yomweyo, koma winayo amainyamula yozondoka, apa ikakwera apo itsika. Mawaya awiriwo ndi opiringizana, ndiye phokoso likamakwera limakwera onse mofanana. Pofika, Ng'ombe siwerengera waya aliyense payekha. Imachotsera wina kwa mnzake.

Analemba ndi dzanja lake lija, loipa ngati kale:

Nyimbo 5, phokoso 2.
Waya woyamba, 5 + 2 = 7.
Wachiwiri, −5 + 2 = −3.
7 − (−3) = 10.

Phokoso lapita. Nyimbo yawirikiza.

Ndinawerenga katatu. N'zokongola. Sakulimbana ndi phokosolo, akulilola likwere, bola likwere paliponse mofanana. Ndinatenga pensulo n'kuchonga pambali, dzanja linangochita lokha.

"Manambala a kunsi kwa ziro amenewa munandipatsa 14 pa 100, aphunzitsi. Munalemba kuti sindidzawamvetsa mpaka Yesu adzabwere."

Ndikukumbuka. Ndinalembadi. Ndamuuza kuti ndinalakwitsa tsiku.

Apanga zingwe za mano atatu za mamita 8. Mapulagi alibe, afika sabata yamawa. Lachiwiri. Patsala masiku atatu kuchokera pamenepo.


Lachinayi, 12 Juni

Mapazi 13 kufika kukhitchini.

Ndayesa masamu aja ndi manambala ena. Phokoso 40, nyimbo 1. Yankho 2, phokoso palibe. Phokoso likakhala 2 pa waya uyu koma 3 pa winayo, 1 amatsala. Ndiye chinsinsi chonse chili pa kufananako. N'chifukwa chake amawapiringiza.

Funso likundisautsa: kodi bambo analakwitsa? Munthu wotsuka mbale iliyonse ndi burashi yake, wonditsekera pakamwa ndi chala nyimbo ikafika pofewa. Ndiye kuti zaka 26 anali ndi chabwino m'nyumba n'kuchiveka chipewa?

Kapena dzino limodzi ndi lofundadi, ndipo ndikasintha nditaya chimene iwo ankamva. Ndikaika mbale, ndimamva monga ankamvera iwo. Ndi chokhacho chatsala chimene timachitabe limodzi.

Ndaimbiranso Wakumbuyo. Ndikufuna mayeso. Anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, inu simunasinthe."

Nesi anaimba 1:05. Za firiji sindinanene. Za dokotala sananene. Mphindi zinayi za nyengo ndi mapiritsi.


Loweruka, 14 Juni

Mayeso, 9:30 mpaka 11:50.

Wakumbuyo ananyamula Kapitawo kumubwezera pamwamba pa Ng'ombe, kwa m'mawa wokha. Zingwe zakale za bambo za mita imodzi, ndi zake zazifupi za mano atatu. Firiji tinaizula kuti isalowerere.

Poyamba anandichenjeza: mano atatu amamveka mokweza, 10 uja m'malo mwa 5, ndipo khutu la munthu limati chokweza ndicho chabwino. Akuti ambiri amanyengedwera pamenepo. Ndiye anayeza ndi kamita kake n'kuika tizizindikiro tiwiri pa voliyumu kuti zifanane. Ndamukonda mwanayu. Benchi yomaliza ija inkabisa munthu.

Malamulo anali anga. Ine kuyang'ana kutsogolo, mpango kumaso. Iye kuponya batani la malaya, likagwa chagada dzino limodzi, likagwa chafufumimba mano atatu. Nyimbo yomweyo, masekondi 40 oyamba. Ine kunena. Iye kulemba osatsokomola, osapuma mokweza. Maulendo 20.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinali wotsimikiza. Kufunda kuja, ndinakumva, bambo anabwera m'maso mwanga ndi chala chawo pakamwa. Ndinati dzino limodzi. Anali mano atatu.

Zotsatira: 11 pa 20. Batanilo palokha likanapeza 10.

"Mwakhoza pang'ono kuposa ine pa Fomu 2." Ndinamuloza ndi ndodo.

Akuti pali zida zina zimene kusiyana kumamvekadi, kutengera mmene anazipangira m'kati, zina zimakoma uku zina uko. Zinanso zili ndi mabowo atatu a chionetsero, m'kati mwake ndi singo yomweyo, ndiye phokoso silichoka. Anatsegula chivindikiro cha Ng'ombe n'kundionetsa ndi tochi, iyi ndi yeniyeni. Koma pa mita imodzi, m'chipinda chabata, akuti bambo sanataye kanthu. Njira inali yaifupi, panalibe chotola.

Ndiye sanalakwitse. Anali ndi yankho lolondola la funso la mita imodzi. Funso ndi limene lasintha, chifukwa cha chiuno changa.

Za kufundako sindikudziwa. Mwina makutu awo anali ena. Mwina ankangokonda kukhala ndi maganizo.

Alamu anafika mayeso ali m'kati, anandipeza ndi mpango kumaso, mwamuna ali chogwada kuponya batani. Anaima pakhomo. "Ndiye bola ndimuuze Nesi afulumizitse tsiku lija."


Lachiwiri, 17 Juni

Zafika 3:15. Zakuda, zonenepa ngati chala changa chaching'ono. Pulagi ikalowa imati tche, ndipo sizuka popanda kudina kabatani. Zofiira ndi zoyera zija zinkangotsomekedwa.

Tizipewa tinayi ndinavula ndekha komaliza. Ndatiika m'kachitini momwe muli magalasi a bambo.

Wakumbuyo anayendetsa zingwe pakhoma lomwelo, ndipo mwadala anazigundanitsa ndi chingwe cha firiji utali wonse. Anadina kaswitchi. Tinadikira. 3:49 firiji inayamba, ndinaimva ndekha chitseko cha kukhitchini chili chotsegula. Mapazi 9, palibe. Mapazi 2, palibe. Khutu pansalu ya sipika, kampweya chabe ka sss komwe kanalipo kuyambira kale.

Ndinamupempha asatenge zakale zija. Ndili nazo ntchito mawa.

Atapita, mbale nambala 208, mayi woimba ndi piyano yokha, imene bambo ankaika Lamulungu masana. Mbali yoyamba mphindi 21. Firiji inayamba ndi kusiya m'kati mwake osaonekera. Nyimbo yachitatu, mayiyo amakoka mpweya kasanu ndi kawiri. Kwa milungu isanu ndi umodzi ndinkamva kanayi kokha.

Yofunda kapena ayi, sindinaganizeko mpaka mbale itatha.


Lachitatu, 18 Juni

Ndinawaitana onse awiri, Nesi ndi mkamwini, 4:00. Anafika 4:12.

"Amayi, foni yanga yafa." Phazi linali kale kukhitchini. Ndinatambasula dzanja. Anandiyang'ana. Ndinati m'kalasi mwanga foni zimakhala patebulo. Anapereka, mwina poganiza kuti wodwala satsutsidwa.

Mkamwini ndinamugwadika. Abwezere zingwe zake zofiira ndi zoyera, azigundanitse ndi chingwe cha firiji monga anachitira poyamba, atembenuze kaswitchi. Anachita zonse mwaulemu, akuyang'anizana ndi mkazi wake pamwamba pa mutu wanga. Ndinawaona mu galasi la kabati.

Ndinati liyamba pakati pa 4:30 ndi 4:33. Tinakhala. Nesi manja pamiyendo, nkhope ya kuntchito.

4:31.

Mmmm.

Nesi sanasunthe, koma khosi linatalika. Mkamwini ndiye anayamba: "Chimenecho n'chiyani?" Ndinamutuma akazule firiji. Zii. Nesi anayang'ana foni yake patebulo, kenako chitseko cha kukhitchini, kenako foni. Ndinamuona akuwerengera maulendo asanu ndi umodzi aja mmodzimmodzi. Sindinamuthandize. Mwana akatsala pang'ono kupeza yankho umamusiya.

Kenako zakuda zija, kaswitchi, firiji ikuyenda. Chete. Ndinawaonetsa envelopu ya Wakumbuyo ndi chongi changa.

Mkamwini anakanda m'mutu. "Ndiye wamisala m'nyumba muno anali timalamba tanga, amayi." Ndinati tinali taudongo ndithu.

Nesi analira, zimene sindinaziike m'ndondomeko. Anagwada pambali pa mpando, mutu pa bondo langa, ngati ali ndi zaka 9. Pepani kasanu. Ndinamuuza kuti njira yake inali yabwino, manambala ndiwo anali olakwika, ndipo wowaipitsa anali iye mwini ndi tchaja yake. Anaseka misozi ili m'masaya.

Akuti mawa pa nthawi ya nkhomaliro, 12:30, aimba kukafafaniza za Lachisanu. Anaitchula yekha nkhaniyo, ine ndinachita ngati ndi yachilendo, kuteteza alamu. Wofuna zida uja auzidwa kuti ayi. Mkamwini akonza soketi ya kukhitchini Loweruka.

Nyumba yanga. Mbale 612. Tinamvera limodzi 208 mbali yachiwiri, foni ikutchajidwa kuchipinda chosambira.


Lachinayi, 19 Juni

10:20 magetsi azima, amisiri akusintha mtengo pamsewu, anatiuziratu. Mpaka 2:00.

Firiji yafa. Ng'ombe yafa. Wotchi yapakhoma ndi yamagetsi, yaima. Bata limene sindinalimve chaka chino.

Ndipo kalipo. Nyiii. Kopyapyala, kokwera, ngati udzudzu uli kutali. Kamene ndinakasiya kunja kwa tebulo pa 5 Juni.

Ndayesa monga mwa masiku onse. Pabalaza, kalipo. Kukhitchini, kalipo. Pabwalo pansi pa chingwe choyanikira, mapazi 31 kuchokera pamasipika, kalipo, kukula kwake komweko. Mapazi sakukasintha. Ndatseka khutu lakumanja ndi chala, kalipo. Ndatseka lakumanzere, kakula.

Chilichonse cholira m'nyumba chimalowa m'makutu onse awiri. Aka kali kumanzere kokha. Palibe chingwe choti Wakumbuyo asinthe.

10:41 mpaka 11:41 ndili ndi wotchi yapamkono. Sikanapume. Poyambira sindikudziwa. Mwina chigwereni pamasitepe, ndinamenyetsa mbali imeneyi. Mwina zaka, kakubisala pansi pa nyimbo ndi firiji. Ndinali wotanganidwa ndi phokoso lalikulu, limene linali ndi ndondomeko, limene ndikanatha kuwina nalo.

Alamu anadutsa 11:45 ndi nthochi zinayi. Ndinawafunsa mozungulira ngati khutu lawo limalirapo. "Likalira ndiye kuti wina akukunenani. Inu akukunenani ambiri." Anadya nthochi imodzi n'kumapita.

Palibe akudziwa. Ndikangokhala chete mpaka 12:30, Nesi afafaniza, nkhani yatha, ndapambana ndi umboni wa pamaso pa anthu. Ndikanena, nkhope ya kuntchito ija ibwerera. Aziti amayi akumvanso china. Chipinda cha mamita 3 sichinapite kulikonse.

Si kwaya. Ndi liwu limodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndi langa. Amayi anga ankatituma kukawapatsa madzi oimbawo. Kusiyana kulipo. Koma woyeza kusiyanako sangakhale ine ndekha, pa 5 Juni ndinalemba ndekha kuti wozimitsa akakhala yemweyo si umboni.

Zaka 38 ndinkadula malikisi mwana wofufuta nambala chifukwa ikuipitsa yankho. Wakumbuyo yemwe ndinamudulapo kawiri.

12:09. Ndalemba mzere watsopano m'tebulo. Kumanzere, kosaleka, poyambira posadziwika.

Zoti ndinene, zitatu. Asafafanize. Ngati n'kotheka ayambe wa makutu, wa mutuyo abwere pambuyo. Kope ndipita nalo ndekha, ndipo woyankhula ndikhala ine.

12:14. Ndadina nambala ya Nesi, foni ndaiika patebulo pambali pa kope. Ikulira. Kamodzi. Kawiri. Yakeyo ikhale ndi moto lero lokha. Katatu